Dzanja Limodzi Lokana Dividendi

Mundikhululukire, owerenga, chifukwa cholimba mtima kulemba. Ine si mlembi. Ndimagwira ntchito mu ofesi ya inshuwalansi, momwe chiganizo timachiwerenga mobwereza tisanaikepo dzina, ndipo nkhaniyi ndaiyamba n'kuisiya kangapo poopa kunamizira anthu amene akadali moyo. Zomwe sindinaone ndi maso anga ndafunsa kwa eni ake. Pamene awiri anasiyana mawu ndatsata a mayi aang'ono, pakuti nkhaniyi ndi yawo. Odziwa za masheya akapeza pomwe ndaphonya andikonze ine, koma iwo asawaseke.

Mayi aang'ono, ang'ono awo a mayi anga, ndi osita zovala. Shopu yomwe amagwiramo ndi kachipinda kopapatiza, kopanikizika pakati pa ometa tsitsi ndi ogulitsa misomali, mumsewu womwe mabasi amatembenukira. Kutsogolo kuli kauntala ya thabwa lomwe linasalala ndi zigongono za makasitomala. Kumbuyo kwake kuli masuti opachika m'mapulasitiki, tebulo lositira, ndi simbi ya nthunzi yomwe imapuma ngati munthu wa chifuwa. Pamkono pawo pali tizipsera ta moto, takale ndi tatsopano. Anthu a mumsewumo amawazindikira ndi mathalauza kuposa nkhope: uyu ndi uja wong'ambika thumba lakumanzere, uyo ndi uja amaiwala malisiti a mowa.

Kuseri kwa masutiwo kuli chitseko, ndipo kuseri kwa chitsekocho kuli chipinda china, cha zenera limodzi ndi mpopi wake pakona. M'menemo mumasungidwa zovala zomwe eni ake sanabwerenso kudzatenga. Nthawi ya nkhomaliro mayi aang'ono amakhala m'menemo pa ndowa yovundikira, nsapato atavula, n'kumayeza ndi maso: bedi apa, mbaula apo, kabati kutsamira khoma ilo. Achita zimenezi zaka zambiri osauza munthu, pakuti kumene amagona si kwawo.

Malemu amuna awo anali odula mapepala pa kampani ina yopanga maenvulopu, makope ndi mapepala a kaboni, ndipo awiriwo ankakhala m'nyumba ya kampaniyo. Itayamba kugulitsa masheya kwa antchito ake, anzawo ambiri anagula n'kugulitsanso msanga, wina kugula wailesi, wina njinga. Iwo ayi. Ankadulitsa pa malipiro mwezi ndi mwezi, n'kumaunjika, mpaka anzawo anayamba kuwavulira chipewa mwachipongwe: "Mwadzuka bwanji, eni kampani?" Mwana Mulungu sanawapatse. "Ana athu ndi amenewa," ankawauza akazi awo, "ndipo awa sadzatithawa akakula."

Kwa osadziwa, ndifotokoze pang'ono. Sheya ndi kachigawo ka kampani. Kampani ikapeza phindu, chaka chikatha imagawira eni masheya kangachepe pa sheya iliyonse, ndipo kangachepeko ndi komwe amati dividendi. Si lamulo ayi. Kampani ikhoza kunena kuti chaka chino palibe. Koma ya maenvulopuyi inali ndi mbiri yomwe inkanyadira, mpaka kuilemba pachikuto cha buku lake la pachaka: zaka zoposa makumi atatu osadumphako ngakhale chimodzi.

Bambowo atadwala matenda omwe anawatenga, masheya onse anawalembetsa m'dzina la akazi awo. Masana ena m'chipatala, nthawi yoona odwala, akulu awo atakhala m'mphepete mwa bedi, anagwira mayi aang'ono pamkono.

"Undimvetse bwino, mkazi wanga. Akadalipira, usagulitse. Wina akunyengerere bwanji, usagulitse. Chaka chomwe adzadumphe, basi, ugulitse, ndakumasula."

"Ndamva, bambo."

"Achimwene, mwamva nanunso?"

"Ndamva, mphwanga," anayankha akulu awowo.

Munthuyo ankafuna kuwateteza, zimenezo palibe amakana. Ankadziwa mmene mkazi wamasiye amazingidwira ndi anthu a mabizinesi a pakamwa.

Maliro atatha, kampani inafuna nyumba yake. Alamu awo aja, akulu a malemu, ndi mphunzitsi wopuma, ndipo aliyense amawatchula kuti a Nyuzi chifukwa sayenda opanda nyuzipepala m'khwapa, ngakhale ikhale ya dzana. Si munthu woipa, ndikufuna zimenezi zimveke. Pamene abale ena ankayang'ana kumbali, iwo ndi amene anabwera ndi galimoto yahayala kudzanyamula katundu, n'kupereka chipinda cha kuseri kwa nyumba yawo. Kungoti m'chipindamo mumakhalanso matumba a simenti ya mpanda womwe sunamangidwe, njinga ya a Nyuzi, ndi mipando ya alendo. Choncho kiyi amapachika pa msomali kukhitchini, ndipo wofuna kanthu amangolowa. "Odi" amanena chitseko atatsegula kale.

Vuto la dividendi n'lakuti sabisika. Malipiro a munthu ndi chinsinsi chake, koma izi amalengeza m'nyuzipepala: zakutizakuti pa sheya iliyonse. Chiwerengero cha masheya a Nyuzi amachidziwa pamtima. Ndiye tsiku lolengeza amakhala pakhonde, magalasi ali pamphuno, n'kuchulukitsa m'mphepete mwa tsambalo. Mayi aang'ono akamafika kuchokera kushopu amapeza nyumba yonse ikudziwa kale zomwe iwo sanazione.

"Afika a Dayilekita! Apatseni mpando a Dayilekita, asaime ngati ife anthu wamba."

Akazi a a Nyuzi, omwe mayi aang'ono amawatchula kuti achemwali, sapempha. Amangotchula. "Achemwali, mwaona mmene denga likudonthera kuchipinda cha zidzukulu?" Mawa lake amatchula za fizi, mkuja za ngongole ya magetsi. Ndalama ikamafika kubanki imakhala itavala kale nsapato. Ndipo mayi aang'ono sankakana. Angakane bwanji munthu wogona pansi pa denga la eni?

M'kupita kwa zaka anthu analeka kulemberana makalata, maofesi anataya mapepala a kaboni, ndipo mtengo wa sheya unayamba kutsika pang'onopang'ono ngati tayala lobayidwa ndi minga. Apa pali kamsampha komwe kamagwira ambiri. Patsamba la zamalonda, pafupi ndi mtengo, amasindikiza peresenti yosonyeza kukula kwa dividendi poyerekeza ndi mtengo wa sheya. Sheya ya ndalama zana ikamalipira zisanu, ndiye 5 peresenti. Mtengo ukagwa kufika makumi asanu, malipiro ali omwewo, pepala limati 10 peresenti. M'thumba simunalowe kanthu kowonjezera, chuma chaduka pakati, koma nambala yakwera.

A Nyuzi maso awo ankakhala pa nambalayo. "Alamu, taonani! Chaka chatha inali naini, pano thwelofu. Ndi banki iti ingakupatseni zimenezi? Mphwanga uja anali ndi maso."

Mayi aang'ono ankangoti, "Eya, alamu." Koma tsiku lina ndikuwathandiza kupinda mashiti kushopu, anandiuza motsitsa mawu: "Kasitomala akabwera n'kumati lamba wake watalika, ine sinditsutsa. Koma lamba satalika, mwanangu. Imakhala mimba yaphwa."

Chaka chino eni shopu, bambo okalamba omwe msana wawakana, anaganiza zopita kukakhala kwa ana awo. Anadikira kasitomala atuluke, n'kutsamira pa kauntala.

"Mayi, inetu ndatopa. Shopuyi ndikugulitsa: malo, simbi, makasitomala, ndi chipinda chakumbuyocho. Pali bambo wina wogulitsa mafoni akundivutitsa tsiku ndi tsiku, koma ndati ndiyambe ndafunsa inu. Mwandisitira zaka zonsezi osawotcha ngakhale kolala imodzi."

"Imodzi ndinawotcha, abwana."

"Ija inali ya apongozi anga. Imeneyo ndinakuthokozani mumtima."

Anatchula mtengo, n'kunena kuti adikira mpaka kutha kwa mwezi wotsatira. Mayi aang'ono anazimitsa simbi, chinthu chomwe sachita masana, n'kukakhala pa ndowa yawo ija.

Anandituma ndikawafunsire ku ofesi yogulitsa masheya, ndipo yankho linali lopanikiza ngati nsapato yatsopano. Atagulitsa onse pa mtengo wa lero, shopu akanagula, n'kutsala kochepa chabe. Chaka chatha pakanatsala za bedi ndi kabati. Chaka chamawa, mtengo ukapitiriza kutsika, sizidzakwananso. Ndipo shopu ikapita kwa wa mafoni ndiye kuti ntchito yawonso yatha, pakuti mafoni sasitidwa. Adzatsala ndi chipinda cha simenti, ndi dividendi yomwe imafika itagawidwa kale.

Lamlungu masana anapeza a Nyuzi pakhonde, n'kuwafotokozera zonse mwaulemu, manja ali pamiyendo. A Nyuzi anavula magalasi, kuwapukuta, kuwavalanso.

"Alamu, ine sindingakuletseni. Masheya ndi anu, dzina ndi lanu. Mukafuna mawa lomwe kagulitseni."

"Zikomo, alamu."

"Kungoti ine ndinali pomwepo. Ndinamva ndi makutu angawa. Anati akadalipira. Kodi adumpha?"

"Sanadumphe."

"Ndiye ine ndinene kuti chiyani? Akanakhala wamoyo tikanamufunsa kuti, iwe, unkatanthauza chiyani? Koma munthu ali m'manda sakonzanso mawu ake. Komanso, alamu, thwelofu peresenti! Ng'ombe ikukamidwa chonchi, mukaigulitse kuti mugule simbi? Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Kuchokera kukhitchini akazi awo anaponyako mawu: "Kapena tawalakwira a Dayilekita? Ngati ndi simenti ija, tiichotsa."

"Simunandilakwire, achemwali."

Ndipo sankanama. Akanawalakwira, zikanaphweka. Munthu amathawa bwino nyumba yomwe amutukwana. Nyumba yomwe anamulandira ndi manja awiri imamugwira m'miyendo. Ankaonanso mantha omwe anali kuseri kwa magalasi a a Nyuzi, munthu wa penshoni yosafika pakati pa mwezi, wolera zidzukulu zomwe makolo ake ali kutali. Koma chomwe chinkawamanga kwenikweni si a Nyuzi. Anali mawu awo omwe aja, "Ndamva, bambo." Palibe anawakakamiza kuwanena.

Kenaka kunamveka mphekesera. Nyuzipepala inalemba kuti kampani ya maenvulopu yaluza kwambiri chaka chathachi, yatseka nthambi ina, ndipo odziwa akukayika ngati ilipira. A Nyuzi chakudya chinaleka kutsika. Ankawerenga nkhaniyo mobwereza ngati isintha. Koma mayi aang'ono anangozindikira kuti akuimba positira. Wometa tsitsi wa pafupi anasuzumira pakhomo: "Mayi, mwapeza mwamuna kapena?" Iwo anaseka, kenaka manyazi anawagwira. Ndi munthu wamtundu wanji amene amapemphera kuti kampani yomwe inadyetsa amuna ake igwe? Komabe m'mawa uliwonse, akamayatsa simbi, pemphero linkatuluka lokha: adumphe, Ambuye, kamodzi kokha, adumphe.

Nkhani ya dividendi imagamulidwa pa msonkhano wa pachaka wa eni masheya, ndipo msonkhanowo unali mkati mwa mwezi womwe abwana anawapatsa. Zaka zonsezi ankapitako ndi a Nyuzi m'malo mwawo, n'kubwerako ndi kope laulere ndi nkhani za makeke. Ulendo uno mayi aang'ono anati apita okha. Anasita diresi lawo labuluu mosamala ngati la kasitomala wovuta. A Nyuzi anati awaperekeza, ndipo pakhomo anawalola kulowa ngati wothandiza mayi wachikulire, zomwe zinawakwiyitsa onse awiri.

Munali mu holo ya hotela, mozizira ngati mufiriji. Kutsogolo kunali tebulo lalitali la akuluakulu, aliyense ndi botolo lake la madzi. Pamipando panali anthu omwe mayi aang'ono sanawayembekezere. Ankaganiza kuti eni masheya ndi anthu onenepa. Koma ambiri anali okalamba a majekete otha m'zigongono, amayi amasiye ogwira zikwama ndi manja onse awiri, antchito akale a kampani omwe ena anawazindikira. Onse nkhope zili gwa, ngati odikira dokotala.

Wapampando, bambo wa mawu ofewa, anayamba ndi zoipa. Malonda atsika. Mapepala akwera mtengo. Chaka chatha kampani sinapeze phindu. A Nyuzi anagwira mpando wakutsogolo. Mayi aang'ono m'maganizo anali atayamba kale kutulutsa masuti osatengedwa m'chipinda chija, kukolopa pansi, kupachika katani.

"Koma," anatero wapampando, n'kumwa madzi.

Anati kampaniyi ili ndi mbiri, ndipo mbiri siitayidwa chifukwa cha chaka chimodzi. Anati akuluakulu aganizira eni masheya okhulupirika amene amadalira ndalamayi. Choncho agulitsa nyumba zonse zomwe munkakhala antchito, ndipo pa ndalama imeneyo apereka dividendi. Yochepa kuposa chaka chatha, inde, koma apereka. Chaka chinanso osadumpha.

M'manja munaombedwa ngati mvula pa malata. Gogo wina analira poyera. A Nyuzi anaimirira n'kumagwedeza nyuzipepala m'mwamba. Mayi aang'ono anangokhala. Ankaganiza za nyumba ija, ya khomo lobiriwira, momwe amuna awo anakhomera mashelefu ndi manja awo. Ndiye kuti chaka chino awalipira ndi khoma la nyumba yomwe anawatulutsamo.

"Tsopano tivote," anatero wapampando. "Ovomereza kuti dividendi iperekedwe, manja m'mwamba."

Manja anadzuka ngati chimanga m'munda.

"Zikomo. Okana?" Anafunsa ali kuyang'ana kale pepala lotsatira.

Mayi aang'ono amati sanaganize. Dzanja linangokwera lokha, lija la tizipsera.

Mlembi wa msonkhano anagwira wapampando pamkono n'kumulozera. Wapampando anasuzumira pamwamba pa magalasi.

"Mayi, mwina simunamve bwino. Ovomereza tadutsa kale. Pano tikufunsa okana."

"Ndamva, bambo."

"Ndiye mukukana kuti tikupatseni ndalama?"

"Eya."

Kunabuka chiseko. Wina kumbuyo anakuwa, "Akhuta amenewo! Zawozo mutigawire ife!" Wina anati, "Atumidwa ndi kampani ina!" A Nyuzi ankawakoka diresi, kunong'ona mokuwa: "Alamu, tsitsani mkono. Alamu! Anthu akutiona. Mwatani kodi?"

Sanatsitse mpaka mlembi atalemba. Wapampando anamwetulira mwaulemu, nati maganizo a aliyense ndi olemekezeka, ndipo chigamulo chadutsa.

Pa tiyi anthu ankawapatuka ngati ali ndi chimfine. Mmodzi yekha anawayandikira, bambo wowonda wosowa zala ziwiri, yemwe ankadula mapepala pa makina amodzi ndi amuna awo.

"Mlamu, mwandiiwala? Ine sindikukudzudzulani ayi. Ndingofuna ndimve. Inetu kandalama kameneka ndi komwe ndimagulira mankhwala a shuga. Akanadumpha, sindikudziwa kuti ndikanalowera kuti. Inu mumafuna adumphe chifukwa chiyani?"

Mayi aang'ono akanamuuza chiyani? Kuti pemphero lawo la m'mawa uliwonse linali lolanda mankhwala m'kamwa mwake? Anangomugwira dzanja lopunthalo, n'kunena kuti, "Pepani, alamu. Mutu unangondizungulira."

M'basi, atadutsa pamsika, a Nyuzi anatulutsa cholembera, kuchulukitsa m'mphepete mwa nyuzipepala, n'kupumira m'mwamba.

"Yachepa. Denga lidikira. Koma alipira."

"Alamu," anatero mayi aang'ono, "kugulitsa nyumba n'kutigawira, kumeneko n'kulipira? Chaka chamawa agulitsa chiyani, mipando?"

"Mphwanga sananene kuti ndalamayo izichokera kuti. Anati akadalipira." Anawayang'ana, ndipo mawu awo anafewa. "Zomwe mwachita mujazi sindikauza munthu kunyumba. Tingoti kunali kuzizira."

Mayi aang'ono anatsika basi isanafike kunyumba, n'kubwera ku ofesi kwanga. Sanabwereko n'kale lonse. Anakhala pampando wa makasitomala, chikwama pamiyendo, diresi labuluu lisanakwinyike n'pang'ono pomwe, n'kundifotokozera zonse zomwe ndalemba pamwambazi. Atatha anandiyang'ana m'maso.

"Iwe unapita kusukulu. Ukanakhala iwe, ukanatani?"

Ndinayankha mmene timayankhira muno. Ndinati mbali imodzi, mtengo ukutsika ndipo kampani yolipira pogulitsa katundu wake siipita patali. Ndinati mbali inayo, bizinesi yositanso ili ndi zoopsa zake, ndipo lonjezo ndi nkhani ya mumtima mwa munthu. Ndinati ine si mlangizi wovomerezeka wa zamasheya, ndipo chisankho n'chawo.

Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kuimirira.

"Wasita mbali zonse ziwiri bwinobwino, mwanangu," anatero, "koma malaya sunandipatse."

Mawa lake anauza abwana kuti asawadikirenso. Abwanawo anakanda m'mutu, anafunsa ngati atsimikiza, anafunsanso. Kenaka anaimbira wa mafoni uja. Bamboyo anabwera tsiku lomwelo ndi tepi yoyezera, munthu waulemu wake, wonunkhira perefyumu. Ankayeza khoma iwo akusita, n'kumati, "Pepani mayi, tasunthani pang'ono." Anayeza kauntala, nati iyi ichoka. Analowa m'chipinda chakumbuyo, kugogoda mpopi, nati muno mukhala mosungira makatoni. Mayi aang'ono anapitiriza kusita thalauza la uja wong'ambika thumba, mzere uli chilili ngati mpeni.

Nditapitako dzulo ndinawapeza akulongedza masuti osatengedwa m'matumba. Ndinawafunsa kuti tsopano atani.

"Ndidikira," anatero. "Nyumba agulitsa kale. Chaka chamawa sadzakhala ndi chogulitsa. Mwina adzadumpha."

"Koma shopu idzakhala itapita, mayi. Ndipo masheyawo adzakhala atatsika."

"Ndikudziwa." Anamanga thumba, kulikankhira kukhoma. "Koma ndidzakhala nditamasuka."

Ananena zimenezi mopanda dandaulo, ngati munthu wonena za nyengo. Ine ndi amene ndinatuluka m'maso muli misozi, mpaka wometa tsitsi anandifunsa ngati kwagwa zovuta.

Pobwerera ndinakumana ndi abwana pakona, akuyenda ndi ndodo. Anandiuza kuti wa mafoni sanapereke kalikonse; akuti akudikira banki, abweretsa mwezi ukamatha. "Ine wobwera ndi ndalama poyamba ndi amene ndimupatse kiyi," anatero. "Koma mayi ako aang'ono ndi munthu wouma mutu mwaulemu. Anthu oterewa ndi ovuta kuwathandiza."

Sindikudziwa ngati malemu akanavomereza. Sindinganene kuti ndikudziwa, ndipo sindikawauza mayi aang'ono kuti ndikudziwa. Mwina akandimva n'kupitiriza kudikira, ndipo ufulu umenewo ndi wawo. Mwina a Nyuzi sadzandipatsanso moni, ndipo ndikumvetsa chifukwa chake. Koma anandifunsa funso lolunjika, ndipo yankho lake ndili nalo. Mawa ndapempha kuti ndilowe ntchito masana. Ndipita kushopu simbi isanatenthe, ndikaima pa kauntala, ndikawauza kuti ndikanakhala ine ndikanagulitsa sabata ino, ndipo akafuna, ku ofesi ya masheya tipitira limodzi. Ndikatha kunena zimenezo ndikatseka pakamwa, osawonjezerapo "koma".